Malovu si najisi: tisiye kulavula mphatso ya Allah



Mwezi wa Ramadhan ukangooneka, pa Chiponde pamabuka mwambo umene sitinaulamulidwe ndi Allah kapena Mtumiki wake. Kuyambira pachipata chopita ku Mandimba mpaka mumsewu wa ku Namwera, akabaza, osintha ndalama, amayi ogulitsa tomato, ngakhale ana a ku madrasa, aliyense ali kalikiliki kulavula. Ukafunsa, yankho lake ndi limodzi: kumeza malovu kumamasula swaumu. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza limene likutha mano a anthu athu.

Tiyambe ndi Sharia, poti ndi kumene olavula amathawirako. Ma ulama a madhhab onse anayi amagwirizana kuti munthu akameza malovu ake, swaumu yake ili bwinobwino. Madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno ku Mangochi timatsatira, amangoika malire atatu: malovuwo akhale oyera, asasakanikirane ndi chinthu china, ndipo asakhale kuti anatuluka kale m'kamwa. Palibe pamene analemba kuti wosala aziyenda akuthira malovu m'mapazi mwa anzake. Mtumiki, swalla Allahu alayhi wasallam, anachita kutchula kulavula mumzikiti kuti ndi tchimo, monga zilili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim. Nanga ife tinazitenga kuti zoti pakhonde la mzikiti pazichita kuterera mwezi wonse wopatulika?

Malovu amene tikuwatayawa ali ndi ntchito yaikulu. Munthu wathanzi amapanga pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka pa tsiku. Tikadya chilichonse cha shuga kapena cha ufa, tizilombo ta m'kamwa timasandutsa zotsalira zija kukhala asidi, ndipo asidiyo amayamba kusungunula chikuto cholimba cha dzino. Malovu ndi amene amasukulutsa asidiyo, amakokolola nyenyeswa, ndiponso amabwezera m'dzino calcium ndi phosphate zimene zinachoka. Wosala amakhala maola oposa 13 osamwa madzi, ndiye malovu ake achepa kale. Akamalavulanso ochepawo, ali ngati mlimi amene akukhetsa madzi m'dimba nthawi ya chilala. Pofika Asr lilime lachita kukakamira, milomo yang'ambika, fungo labuka, iye n'kumati ndiwo umboni wa imani.

Apa ena adzanditsutsa ndi hadith yotchuka yonena za fungo la m'kamwa mwa wosala, loti kwa Allah limaposa la misk. Hadithyo ndi yoona ndipo sitiikana. Koma ikunena za fungo lobwera chifukwa choti munthu sanadye. Fungo la dzino lobowoka, la nkhama zotupa, la nsomba ya pa daku imene yatsakamira m'mano kuyambira mbandakucha, limenelo ndi uve. Mtumiki yemweyo ndi amene anatsala pang'ono kutilamula mswaki pa swala iliyonse, anangoleka poopa kutilemetsa.

Ena adzati a Shafi'i amaletsa mswaki kwa wosala. Nkhaniyi tiinene mmene ilili. Mawu odziwika m'madhhab amenewa ndi oti mswaki ndi makruh dzuwa likapendeka, pamene m'mawa wonse ndi sunnah. Makruh si haramu, ndipo samasula swaumu. Komanso Imam Nawawi, mzati wa madhhab omwewa, anasankha maganizo oti wosala atha kutsuka ndi mswaki tsiku lonse. Ndiye ngakhale munthu atagwiritsitsa maganizo okhwimawo, ali ndi usiku wonse ndi m'mawa wonse woti atsuke mano. Chodabwitsa n'chakuti amene amasiyiratu kutsuka mano poopa kumasula ndi amene nkhama zawo zimayamba kuchucha magazi, ndipo malovu osakanikirana ndi magazi ndiwo ali ndi mafunso enieni pa swaumu. Athawa mvula, akagwera m'nyanja ya Malombe.

Kuchukucha m'kamwa nakonso kwasanduka chinthu choopedwa. Alipo amene pa wudhu amangonyowetsa milomo. Chimene wosala anachenjezedwa ndi kupyola muyezo mpaka madzi n'kutsikira kukhosi. Kuchukucha mofatsa n'kulavula madziwo, pa wudhu uliwonse, kumafewetsa m'kamwa ndipo swaumu siiwonongeka.

Dzuwa likalowa timamalizitsa chiwonongeko. M'kamwa mouma tsiku lonse timathiramo Sobo, Fanta, thobwa la shuga ndi tiyi wa masupuni anayi, kenako mandasi. Tikabwerako ku Tarawih timagona osatsuka, pamene usiku ndi nthawi imene malovu amachepa kwambiri. Sunnah inatiphunzitsa kumasula ndi tende kapena madzi. Madzi ndiwo ayenera kutsogola, ndipo tizimwa pang'onopang'ono mpaka pa daku, osati kugugudiza chigubu chonse adhana ya Fajr itayandikira. Mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride tigwiritse ntchito kawiri, pogona ndi tikatha daku. Mukatsuka, lavulani thovu koma musachukuchenso ndi madzi ambiri usiku, kuti fluoride atsalire pa mano. Pa daku chukuchani bwino kuti pasatsale chomeza.

Tsopano pali gulu limene limandimvetsa chisoni kwambiri: agogo athu ndi odwala amene m'kamwa mwawo mumauma chaka chonse. Matenda a shuga amaumitsa m'kamwa. Mankhwala ena a BP monga hydrochlorothiazide, mankhwala a chimfine monga Piriton, ndi amitriptyline amene ena amapatsidwa chifukwa cha ululu wa mitsempha, onsewa amachepetsa malovu. Amene anawotchedwapo khansa ya m'mutu kapena m'khosi ndi makina a radiotherapy nthawi zambiri malovu awo sabwereranso mwakale. Anthu otere nsima imawakanirira pakhosi, mano amabowokera m'tsinde, ndipo lilime limachita zoyera za mafangasi. Kuwauza anthu amenewa kuti azilavulanso ndi nkhanza.

Kwa iwo kuli mankhwala olowa m'malo mwa malovu. Ena ndi opopera m'kamwa, ena ndi jelo wopaka palilime ndi m'nkhama, monga Biotène, ndipo ambiri amapangidwa ndi zinthu zoterera monga carboxymethylcellulose kapena glycerin. Sachiza, amangonyowetsa kwa kanthawi. Popeza amasakanikirana ndi malovu n'kumezedwa, nthawi yake kwa wosala ndi usiku, makamaka pogona. Si katundu wa mu okala, ndiye amene sangawapeze asungunule kota ya kasupuni ka tiyi ya soda wa therere wa m'sitolo m'kapu ya madzi ofunda, azichukucha n'kulavula. Chingamu chopanda shuga chikatafunidwa pambuyo pa kumasula chimadzutsa malovu. Fodya, khofi wambiri ndi mankhwala ochukuchira okhala ndi alcohol zimaumitsa m'kamwa koposa. Ndipo pasapezeke wosiya mankhwala a BP kapena a shuga payekha. Apite kuchipatala Sha'ban isanathe, akakambirane za nthawi yomwera. Ngati kusala kukumuvulaza, Surah Al-Baqarah ndime 184 ndi 185 zinamutsegulira kale khomo. Kukana chilolezo cha Allah si kumuopa Allah.

Tisaiwale kuti dziko lathu lili ndi madokotala a mano ochepa zedi. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba m'Malawi muno mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo ndondomeko ya dziko yosamalira m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Munthu akafika kuchipatala dzino litawola kale, chotsala chimakhala kuzula. Lozulidwa silimeranso. Amene mano ake atha amavutika kutafuna, ndipo ngakhale zilembo zina za Qur'an zimamuvuta kutchula bwino.

Vutoli likula tikapanda kulankhula. Ramadhan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo pofika 2035 ndi 2036 idzagwa mu Novembala ndi Okutobala, pamene dzuwa la ku Makanjira ndi ku Malindi limaswa mtengo. Ana amene tikuwaphunzitsa kulavula lero ndi amene adzasale m'ng'anjo imeneyo.

Choncho pempho langa likupita kwa inu masheikh athu ndi aphunzitsi a madrasa. Anthu amamva mawu a pa mimbari kuposa a pa chikwangwani cha kuchipatala. Pa Jumu'ah ikubwerayi nenani momveka, m'Chiyao ndi m'Chichewa, kuti kumeza malovu sikumasula swaumu, kuti mswaki ndi sunnah, ndi kuti wodwala ali ndi chilolezo. Thupi ndi amana, ndipo mano ali m'gulu la zimene tinasungitsidwa.

Allah alandire swaumu zathu ndipo achize odwala athu. Ameen.