*A ku laibulale akuphunzira kompyuta: phindu lake lifike mpaka ku gombe*

Lero za mtengo wa petulo ndi usipa ndaziika kaye pambali. Ndikufuna tikambe za anthu amene ambirife sitiwaganizirako n'komwe, ogwira ntchito ku laibulale. Ndikudziwa wina wayamba kale kuseka kuti makaniko wa maboti ndi laibulale zikukumana pati. Werengani kaye mpaka kumapeto, mukatero munditsutse.

Ku City Centre ku Lilongwe kuli likulu la National Library Service, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1967. Kwa zaka zambiri ntchito ya munthu wa pa kauntala ku laibulale inali yodziwika: kudinda deti m'buku, kusanja makadi m'madirowa, kubwezera mabuku pa shelefu ndi kuuza ana a Fomu 4 kuti achepetse phokoso. Pano ntchito ija yasintha. Mndandanda wa mabuku ukulowa mu kompyuta, ndipo malaibulale ena a m'mayunivesite athu amagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yotchedwa Koha. Zolemba za akatswiri zambiri zikutuluka pa intaneti pokha. Ndiye munthu amene anaphunzira ntchito ya makadi akuyenera kubwerera m'kalasi, kaya ali ndi imvi kaya ayi.

Ine zimenezi ndikuzimvetsa chifukwa ku ntchito kwathu zachitikanso. Injini ya Yamaha Enduro 15 timaidziwa ndi khutu. Ikamatsokomola umatsuka kabuleta, umayang'ana mtundu wa pulagi, basi yadzuka. Koma pitani mukaone ma four-stroke akuluakulu a pa maboti a m'malojimu. Alibe kabuleta. Umalumikiza laputopu, injini yokha imakuuza pamene ikudwala. Makaniko wonena kuti "ine ndinayamba kale ntchitoyi, mwana sangandiphunzitse" amangoonerera ntchito ikupita kwa wina. Wa ku laibulale naye ali pa mphambano yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti makaniko akatsalira amagona ndi njala yekha, pamene wa ku laibulale akatsalira amatsalitsa boma lonse.

Tsono wina anena kuti, "Aise, foni ndili nayo, Google ilipo, ChatGPT ilipo, laibulale ndi ya chiyaninso?" Funso labwino. Koma taganizani izi. Mnyamata wagula injini yatsopano, ndalama za mamiliyoni, mwina bambo ake agulitsa ng'ombe kapena atenga ngongole. Akufuna kudziwa kuti oyilo athire wochuluka bwanji mu petulo. Pa gulupu wina akuti thira kabotolo kamodzi, pa Facebook wina akuti tiwiri, wa pa YouTube akukamba za injini ya mtundu wina. Pamene buku la kampani yopanga injiniyo limanena mosapita m'mbali. Kwa ma Enduro ambiri amene tili nawo kuno ndi 50 kwa 1, kutanthauza kuti mu malita 20 a petulo muthire 400 ml ya oyilo, ndipo injini ikakhala yatsopano oyilo amachulukirapo pa maola oyambirira. Ukachepetsa, pisitoni imagwira. Ndipo injini sisankha pofera. Imatha kuzima usiku pakati pa nyanja mu Julayi Mwera utalusa, muli anthu khumi m'boti. Nkhani zilipo zambiri mu foni, chimene chimasowa ndi munthu wodziwa kusiyanitsa chikalata chenicheni ndi zokamba za pa bawo. Ntchito ya wa ku laibulale ndi imeneyo kuyambira kale, changosintha ndi chipangizo.

Chinanso chimene ambiri sitidziwa n'chakuti zolemba zabwino kwambiri pa intaneti zili ndi loko. Mu 2003 bungwe la FAO linayambitsa AGORA, nkhokwe ya zofufuza za ulimi, zakudya ndi usodzi, yomwe maiko osauka ngati lathu amawerenga mwaulere. Koma iwe ndi ine sitingalembetse patokha. Amalembetsa ndi masukulu ndi mabungwe, ndipo kiyi wake nthawi zambiri amasunga ndi wa ku laibulale. Chaka chomwecho cha 2003 malaibulale a m'Malawi muno anapanga mgwirizano wa MALICO kuti azigulira pamodzi mabuku a pa intaneti, ndipo mu 2005 anaika mbale za setilaiti m'makoleji angapo. Ndiye kuti chitseko chinatseguka kalekale, ena a ife tisanayambe n'komwe Sitandade 1. Koma ngati wosunga kiyi sanaphunzitsidwe bwino kusaka, zofufuza za chambo ndi usipa wa m'nyanja yathu yomweyi ziziwerengedwa ku London, mwana wa msodzi osazionako.

Kumbukiraninso moto umene unatentha laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015. Mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa usiku umodzi. Chimene chasikanidwa ndi kusungidwa malo angapo moto sungachithe. Koma sikana siidziyendetsa yokha, imafuna munthu wophunzira.

Ndiye maphunziro awowa ine ndikuwavomereza ndi manja awiri. Koma ndili ndi mawu anayi kwa akuluakulu a ku City Centre.

*Choyamba*, maphunziro akhale a manja. Tonse timaadziwa ma workshop a kuno kwathu. Galimoto zimabwera ku loji kunyanja kuno, masiku atatu, chambo chowotcha, ma allowance, chithunzi cha pagulu, kenako aliyense kwawo. Palibe makaniko amene anaphunzira kumasula giyabokosi poonera zithunzi pa khoma. Munthu apatsidwe kompyuta, alakwitse, akonze, abwerezenso mawa lake.

*Chachiwiri*, asamangophunzira a ku likulu okha. Wa ku Area 10 kapena Area 43 ali ndi WiFi kunyumba, mwana wake ali ndi laputopu. Amene akufunikira thandizo ndi mwana wa ku Lifuwu amene wakhoza MSCE koma sadziwa kudzaza fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite, kapena ya ngongole ya ophunzira, pa intaneti. Ogwira ntchito m'nthambi za m'maboma ndi aphunzitsi osunga mabuku m'ma CDSS akhale patsogolo pa mzere.

*Chachitatu*, laibulale ibwere pomwe tili, pa WhatsApp. Kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo thiransipoti yake mukuidziwa. Pakhale nambala yodziwika yomwe munthu angatumizeko funso, wa ku laibulale n'kumubwezera chikalata choyenera: malamulo a nyengo yotseka nyanja, machenjezo a Mwera ochokera ku nthambi ya zanyengo, mafomu a TEVETA, zofunika kuti ulowe ku koleji ya za usodzi ku Mpwepwe. Ndipo zofunika kwambiri zimasuliridwe m'Chichewa, Chiyao ndi Chitonga, zina zikhale za mawu kuti bambo anga amene maso anayamba kuvuta azingomvetsera akusoka ukonde.

*Chachinayi*, musataye mabuku ndipo musanyoze akale. Magetsi amazima, netiweki imathawa, bandulo imatha, koma buku limatseguka ngakhale pa nyali. Ndipo mayi amene wagwira ntchito ku laibulale zaka 25 amadziwa kumvetsera munthu wamanyazi mpaka atulutse funso lake lenileni. Luso limenelo mulibe mu kompyuta. Muphunzitseni mausi modekha, mudzaona kuti aposa anyamata othamanga zala.

Kwa ife achinyamata, nafenso tisakhale ongodandaula. Munthu amaphunzira msanga chimene akufunsidwa tsiku ndi tsiku. Ngati palibe wobwera kudzafunsa za injini, za nsomba, za mafomu, wa ku laibulale aziiwala zimene anaphunzira, ndipo akuluakulu adzati anthu sazifuna. Mukapita ku Lilongwe kukagula ma spare ku Old Town, kwerani minibasi ya ku City Centre, lowani, funsani. Muli ku boma kwanu, funsani komwe kuli laibulale yapafupi. Simukufunika digiri kapena suti. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Tumizani uthengawu ku magulupu ena, makamaka komwe kuli aphunzitsi, makhansala ndi a m'makomiti a pa gombe. Amene simukugwirizana nane yankhani, tikambirane. Ovina m'madzi usiku uno, yang'anani kaye mphepo, ndipo jekete yopulumutsira musaisiye kumtunda.