MAGAZI SADIKIRA MSONKHANO WA ABALE

Mayi akachira, chiberekero chake chiyenera kukhwinyata ndi kulimba kuti mitsempha imene inkadyetsa mwana itsekeke. Chikakhala chofewa, kapena kachidutswa ka nsengwa kakatsalira m'kati, magazi amangotuluka osaleka. A zaumoyo amati akataya theka la lita ndiye kuti ngozi yayamba, ndipo mayi amene analowa m'chipatala akuyenda yekha angathe kutisiya m'maola awiri okha.

Azamba ndi madokotala athu amayamba ndi kusisita mimba ndi kubaya jakisoni wa oxytocin. Zimenezi zikakanika, mayiyo amathamangira naye ku opaleshoni. Pano tifuna atsogoleri onse amvetse bwino, pakuti ambiri amaganiza kuti opaleshoni yotere ndi kuchotsa chiberekero basi. Si choncho ayi. M'chaka cha 1997 Dr Christopher B-Lynch, wa pa chipatala cha Milton Keynes ku Mangalande, anafalitsa njira yozengereza ulusi pa chiberekero ndi kuchikunga monga amayi amangira mtolo wa nkhuni. Chikafinyika chotero magazi amaleka, ndipo amayi ambiri osokedwa mwa njira imeneyi anaberekanso. Dokotala angathenso kumanga mitsempha ikuluikulu yopita ku chiberekero. Kuchichotsa ndi njira yotsiriza, pamene zina zonse zalephera.

Chimene chikutidandaulitsa ife ndi ichi. Dokotala akapempha chilolezo, bambo amati tidikire mwinimbumba, mwinimbumbayo ali kumudzi, ndipo apongozi akuwerengera ana amene sanabadwe. Mwambo wofunsana ndi wabwino, sitikuunyoza, koma ndi wa pabwalo, pamene pali nthawi yokhala pansi. Nthawi imene abale akukambirana ndi yomwe ikanapulumutsa chiberekerocho, chifukwa mayi akafooka kwambiri dokotala sangayesenso njira zosoka zija. Kodi mbumba imakula poika maliro a nakubala?

Tsono apampando a nthambi ndi a madera, makamaka amayi a chipani, afotokoze zimenezi pa misonkhano yawo, kuti banja lililonse ligwirizane mayi asanapite kukadikirira kuchipatala. Ndipo popeza opaleshoni siyenda popanda magazi, a Malawi Blood Transfusion Service, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2003, akafika m'boma lanu, ogwira ntchito za Boma ndi atsogoleri a chipani akhale oyamba pamzere, osangosiyira ana asukulu. Amaofesi nawo aonetsetse kuti ambulansi ili ndi mafuta usiku womwe.