Mwana naye ndi kasitomala, muitanitsireni ndiwo

Ciweru cathaci ndinali ku Bundabunda, kwao kwa alamu anga, kumene tinapita kukavundukula mwala wa pamanda a agogo ao. Pobwerera tinali asanu m'galimoto: ine, mlongo wanga, mwana wake wa zaka 7 wokulira ku Kabwata, ndi mai wina wa kumudziko amene tinam'patsa lifti pamodzi ndi kamtsikana kake ka zaka 5. Njala inatiyamba tili pa Chinyunyu, paja pali akasupe a madzi otentha, koma tinapirira mpaka pa Chongwe, pamene tinaima pa malo ena odyera m'mbali mwa Great East Road. Dzina la malowo sindichula, cifukwa zimene ndinaonapo mungazione paliponse, kuyambira pa msika wa ku Matero mpaka ku Manda Hill.

Mphwanga sanayang'aneko n'komwe ku miphika. "Ba uncle, ine nifuna machipisi na soseji, na drinki ikulu." Amake anangogwedeza mutu n'kutulutsa ndalama. Mai wa kumudzi uja, atafunsa mtengo kawiri, anaitanitsa mbale imodzi ya nsima ndi nkhuku, n'kuuza woperekera kuti, "Muikeko supu yambiri, mwana adyeko." Kanthuli kanali kamodzi, kocepa ngati bokosi la macisi. Mtsikanayo anayamba kutema nsima n'kumaviika m'supu.

Ine ndinaitanitsa monga ndicitira masiku onse: nsima, nsomba, nyemba ndi cibwabwa cotendera. Nditasamba m'manja ndinayang'ana patebulo, manyazi n'kundigwira. Ine amene ndinaleka kale kukula ndinali ndi ndiwo zitatu. Ana awiri amene mafupa ao akali kukula analibe ndiwo yeniyeni ngakhale imodzi. Wina anali ndi mbatata zokazinga m'mafuta akuda, winayo madzi a tomato.

Makolo ambiri amandifunsa, kapena amafunsana m'minibasi, kuti mwana akapita nao kokadya aziitanitsa ciani. Yankho langa ndi lalifupi: mwana adye za mumphika umene mukudya inu, pa mbale yakeyake, ndipo ndiwo zicuruke kuposa nsima. Ngati pali kapenta, nyemba, dzira, visashi, kalembula, delele kapena nkhuku ya kumudzi, ndiye menyu ya mwana imeneyo.

Koma taonani zimene tazolowera m'tauni. Malesitilanti a m'mamolo ali ndi kakona ka ana pa menyu, ndipo kakonako kamafanana kulikonse: machipisi, tinyama ta nkhuku tokutidwa ndi ufa, soseji, pitsa, ayisikilimu. Ndiwo zamasamba simungazipezepo, kupatulapo kakabici kosambira m'mayonezi kamene mwana amakankhira pambali. Mwana amene amaona zimenezi mwezi ndi mwezi amaphunzira phunziro limodzi, lakuti cakudya ca pa malo aulemu ndi cokazinga, ndipo cibwabwa ndi ca masiku amene m'nyumba mulibe ndalama. Mphwanga ananena yekha nditamuyandikizira mbale yanga: "Ivo ni va kumunzi." Mwana wa zaka 7, amene atate ake anakulira pa cibwabwa ca ku Bundabunda komweko!

Mlongo wanga sindimuimba mlandu kwambiri. Amacoka panyumba m'mamawa, amabwera usiku, ndipo Ciweru ndiye tsiku lokha limene angaone mwana akumwetulira cifukwa ca iye. Ndani angafune kulimbana ndi mwana wolira pakati pa anthu? Ndipo kabokosi ka Hungry Lion pa tsiku lobadwa, kapena mwana akaphasa mayeso, si cimo ai. Vuto n'lakuti masiku ano kudya kunja sikulinso kwa pa Khirisimasi cabe. Mabanja ambiri amadya m'njira pocoka ku chalichi, pocoka kusukulu, podikira basi pa Intercity, ndiponso malaiti akapita panyumba. Cimene cinali ca kamodzi pa caka casanduka cakudya ca masana.

Cimene cimandidetsa nkhawa kuposa machipisi ndi botolo lija. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2015 kuti ndi bwino shuga woonjezera asapitirire magalamu pafupifupi 25 pa tsiku, amene ndi masupuni ang'ono 6, ndipo muyeso umenewo ndi wa munthu wamkulu. Tembenuzani botolo la 500ml muwerenge kumbuyo. Zakumwa zambiri zotsekemera zimafika magalamu 50 m'botolo limodzi. Boma linaika msonkho wa 30 ngwee pa lita imodzi ya zakumwa zotere mu 2019, koma 30 ngwee ya nthawi imeneyo sikanaletsa munthu kugula, simungaguleko ngakhale switi. Woletsa ndi kholo limene lagwira cikwama. Madzi alipo, mkaka ulipo, ndipo mwana akamwa drinki asanadye, mimba imadzala mpweya, nsima n'kutsala.

Mbale ya kamtsikana kaja ndiyo siikambidwa kawirikawiri, cifukwa siioneka yoipa. Nsima ndi supu, mwana wakhuta, wagona. Koma kukhuta ndi kukula n'zosiyana. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa ana 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira, kutanthauza kuti ndi aafupi poyerekeza ndi zaka zao. Ambiri mwa ana amenewa sagona ndi njala. Amadya nsima tsiku lililonse, koma ndiwo zimathera kwa akuluakulu. Tonse tinakulira m'nyumba zimene nthutumba ndi nchafu zinali za atate ndi alendo, ife ana n'kumalimbirana zipalapaso ndi khosi. Mwambo umenewo tabwera nao mpaka mu lesitilanti. Bambo aitanitsa T-bone, mwana am'patsa fupa kuti aziseweretsa.

Mu 2021 boma linatulutsa malangizo a kadyedwe koyenera a dziko lino, amene amagawa zakudya m'magulu 6 ndi kutilimbikitsa kudya za m'magulu onse tsiku lililonse. Cimene cinandikondweretsa n'cakuti sanatitume ku supamaketi. Nsomba ndi tizilombo todyedwa zili m'gulu limodzi ndi nyama, ndiye kuti vinkubala ndi inswa zimene ana a m'tauni amazinyansidwa n'zolemekezeka mofanana ndi nyama ya ng'ombe. Mukapita pa matebeto ku Thornpark mudzapeza pafupifupi magulu onsewo ali m'miphika, akuwira. Cosowa si cakudya.

Cosowa ndi mbale ya mwana. Apa ndiye ndikamba ndi inu eni malo odyera. Mai uja sanamane mwana wake mwadala. Anali ndi ndalama ya mbale imodzi ndi theka, koma theka siligulitsidwa. Bwanji osaika hafu mbale pa mtengo wa hafu: kantanda kamodzi ka nsima, supuni ya nyemba kapena kapenta, supuni ya ndiwo zamasamba? Nyemba ndi repu sindizo zimakudyerani phindu. Mungapeze kasitomala woonjezera pa tebulo lililonse, m'malo moona ana atatu akuviika m'supu ya munthu mmodzi. Inunso a m'mamolo, kakona ka ana kaja muikepo mpunga ndi nyemba, dzira, nthoci. Amene amagulitsa nsima kwa akuluakulu sangalephere kuumba yaing'ono.

Pali cinthu cimodzi cimene makolo okonda machipisi amanena cimene ndimagwirizana naco. Ati, "Machipisi amacoka pamoto nikuona, manje ndiwo za m'poto siniziba zinaphikiwa liti." N'zoona. Kolera imene inayamba mu October 2023 inapha anthu oposa 700, Heroes Stadium inasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka February 2024. Sitinaiwale. Conco mwana muitanitsireni cakudya cotentha, cotuluka nthunzi, osati cofunda. Saladi yosaphika ndi madzi a mujagi yosavundikira zisiyeni ngati malowo simukuwadziwa. Yang'anani ngati pali madzi othira ndi sopo, osati beseni imodzi yosambamo onse. Nsomba muyambe mwaicotsa minga. Koma kuopa kolera sikutanthauza kuti mwana azidya mafuta okhaokha, cifukwa nyemba zowira pa mbaula n'zotetezeka kuposa soseji imene yakhala padzuwa kuyambira m'mawa.

Pa Chongwe paja ndinapempha mbale yopanda kanthu, n'kugawa nyemba zanga ndi cibwabwa. Kamtsikana kanayang'ana amake coyamba, ndipo atakalola ndi maso, kanadya mpaka kupukuta mbale ndi mbamu yothera. Mphwanga anakana cibwabwa mpaka mapeto, koma ataona mnzake akudya nsomba yanga anatambasula dzanja nayenso, ndipo machipisi theka anatsala.

Polipira ndinafunsa woperekera uja ngati angandigulitse hafu mbale ulendo wina. Anaseka. "Ah, ba boss, hafu sitigulisa. Koma anthu bamafunsa maningi." Ndinam'pempha kuti akauze abwana ake zimenezo, monga mmene wandiuzira ine. Mwezi wamawa tidzadutsanso pomwepo popereka alamu kumudzi, ndipo ndidzaima n'kufunsanso.