Ngati katemera amaumitsa uchembere, anthu onsewa achokera kuti?

Mphekesera yafala pa WhatsApp ndi m'misika. Akuti azungu aona kuti anthu achuluka padziko, ndiye akonza zoti Aafirika achepe. Akuti katemera amene ana amabayidwa ndi woumitsa uchembere, ndipo aphunzitsi a jogalafe akamaphunzitsa za chiwerengero cha anthu kusekondale amakhala akufewetsa mitu ya ana kuti adzavomere chiwembucho. Bodzali latitopetsa, koma sitingalisiye, chifukwa makolo ena ayamba kubisa ana azaumoyo akafika.

Tifunse funso limene aliyense wofalitsa uthengawu akulizemba. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi muno. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Zaka zapakatizi ndi zomwe katemera wa chikuku, poliyo ndi kafumbata anafalikira m'midzi yathu. Amayi amene adzaza zipinda zochirira lero anabayidwa ali makanda, ali kumsana kwa amayi awo kusikelo. Mankhwala oumitsa uchembere angachulukitse bwanji mtundu kanayi?

Chimene mwana amaphunzira m'kalasi ya jogalafe chikutsutsana ndi mphekeserayi kotheratu. Anthu amachuluka imfa zikachepa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 1992 anaonetsa kuti pa ana 1,000 obadwa kuno, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2016 anali 63. Agogo athu ankabereka ambiri podziwa kuti chikuku ndi malungo zitengako ena. Ana akasiya kufa, chiwerengero chimayamba chakwera kwambiri, kenako makolo, ataona kuti ana awo akukula onse, amayamba okha kubereka ochepa. Mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana pafupifupi asanu ndi awiri; pofika 2016 anali anayi kapena asanu. Palibe jekeseni wachinsinsi pamenepa. Pali ana amoyo, atsikana okhalitsa pasukulu, ndi kulera kumene banja limasankha lokha.

Dziko lonse lapansi ladutsa njira yomweyi. Mu 1950 panali anthu mabiliyoni awiri ndi theka, ndipo pa 15 Novembala 2022 bungwe la United Nations linalengeza kuti tafika mabiliyoni 8. Zoti dziko ladzaza ndiye azungu akusowa tulo pofuna kupungula anthu sizikugwirizana ndi zimene zikuchitika. Liwiro la kuchulukana linayamba kutsika m'ma 1960. Anthu a ku China anachepa mu 2022, ndipo maboma a Japan ndi South Korea akupereka ndalama ponyengerera mabanja kuti abereke. Za aphunzitsi sitichulukitsa mawu: amene amaphunzitsa mwana kuwerenga zotsatira za kalembera akukonza munthu wodzadziwa kuti boma la Dedza lifunika makalasi angati, mijigo ingati ndi minda yochuluka bwanji zaka khumi zikubwerazi.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwenikweni ndi anthu amene akukankha uthengawu. Si osaphunzira okha ayi. Muli anthu okhala ndi masatifiketi a MSCE, amene anakhoza mayeso a phunziro la jogalafe lomweli, koma akamva liwu la munthu wosadziwika dzina likulankhula motsimikiza pa foni, amatumiza ku gulu la mpingo ndi la abale osafunsa n'komwe kuti wolankhulayo ndani. Ngati zili choncho, ndiye kuti phunziroli tikuliloweza kuti tikhoze mayeso basi, osalimva.

Mtengo wa matenda amene katemera amateteza tikuudziwa kale. Mu February 2022 ku Lilongwe kunapezeka mwana wopuwala ndi poliyo, matenda amene tinkayesa kuti anatha zaka 30 m'mbuyomo. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700. Chikuku chimafala msanga kuposa matenda ambiri: mwana mmodzi wodwala akhoza kupatsira pafupifupi mnzake aliyense wosabayidwa amene wakhala naye m'kalasi, ndipo makalasi athu a pulayimale ambiri amakhala ndi ana oposa 100.