Utsi wa chilimwe si nyengo, ndi ntchito ya manja athu

Chaka chilichonse tikafika mwezi wa Ogasiti timalankhula za utsi ngati tikulankhula za mvula kapena mphepo ya mwera. Timangoti, "Nthawi yake yakwana." Mapiri otizungulira kuno ku Mwanza amabisika m'chimbuuzi, dzuwa limalowa lili lofiira, phulusa limagwera m'madzi akumwa ndi pa zovala zoyanika. Ife achinyamata a mparishi muno tikukana mawu akuti nthawi yake yakwana. Mvula amagwetsa ndi Mulungu. Utsi uwu timayatsa ndife, ndi machesi ogula pa golosale.

Tiyambe ndi mmene malo athu alili. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, usiku mpweya wozizira umatsikira m'zigwa ndi m'madambo a mtsinje wa Mwanza, pakuti ndi wolemera. Mpweya wofunda umakhala pamwamba pake ngati chivundikiro pa mphika. Utsi wa m'makhitchini, wa mauvuni a makala ndi a njerwa, ndi wa malole oyembekezera pa chipata cha malire opita ku Zobue, susowa kolowera koma m'mapapo mwathu. Kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala kumawonjezereka lupsa ndi fumbi. Mu utsiwo muli tinthu tochepetsetsa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, timene timalowa mkati mwenimweni mwa mapapo mpaka m'magazi. Bungwe la WHO limati mpweya woipa, wa m'nyumba ndi wa kunja, umapha anthu pafupifupi 7 miliyoni pa dziko lonse chaka chilichonse. Oyamba kugwa ndi makanda odwala chibayo, a mphumu, ndi agogo athu amene timamva akutsokomola pa Misa yoyamba.

Tikudziwa zimene ena ayankhe. Adzati umphawi ndiwo ukuwotcha. Pa mayi wamasiye wophika pa mafuwa atatu tikuvomera, ndipo sitimuweruza. Pa bambo wokankha njinga ya matumba a makala mu msewu wa M6 tikuvomeranso pang'ono, pakuti ogula ake ambiri ali ku Blantyre, ndipo ena mwa iwo amakhala mipando ya kutsogolo m'tchalitchi. Koma kodi ndi umphawi wanji umene umatentha phiri lonse chifukwa cha mbewa zisanu? Moto womwewo umatha udzu wofolera nyumba ya wamasiye uja, umawaula mitengo ya manachesi imene imatchukitsa boma lathu, umapha mitengo yongophuka m'nkhalango ya Thambani. Wosauka sapindula ndi lupsa. Iye ndiye amalipira.

Ena adzati makolo athu ankatentha tchire. Zoona, koma ankatero anthu ali ochepa, nkhalango zili zowirira, ndipo mwini mudzi ankanena tsiku ndi malo ake. Lero mnyamata amayatsa moto masana dzuwa lili paliwombo n'kuchokapo akuseka. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire lotsala lero lili kuseri kwa sukulu, kwa manda ndi kwa nkhokwe zathu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa chigawo chakummwera chimene mapiri opanda chofunda amachita mvula ikachuluka.

Mu 2015 Papa Francis analemba kalata yotchedwa Laudato Si', yophunzitsa kuti kuwononga chilengedwe kumapweteka osauka koyamba. Chaka chomwecho anakhazikitsa 1 Sepitembala kukhala tsiku lopempherera chilengedwe, ndipo nyengoyi imatha pa 4 Okutobala, tsiku la Fransisko Woyera wa ku Assisi. Taonani manyazi athu: masabata amene Eklezia amapempherera chilengedwe ndi omwewo amene Mwanza amayaka kwambiri. Kodi tingaimbe kwaya m'mawa, madzulo n'kutentha dambo, n'kumati ndife akhristu amodzimodzi? Lamulo lachisanu silikamba za mpeni wokha. Wofooketsa mapapo a khanda la mnansi wake ali ndi nkhani yoti akanene pa kulapa.

Tsono tichitenji? Mapesi ndi zinyalala za m'munda tizikwirire kapena tipange manyowa, pakuti ndi chakudya cha nthaka, makamaka pamene feteleza wakwera mtengo. Tilambule njira zotchinga moto kuzungulira tchalitchi, sukulu ndi minda yathu Ogasiti asanafike. Tithandize amayi athu kupeza mbaula ya Chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa, ndipo aziphikira pamalo popita mphepo, mwana asali kumsana. Mapulasitiki tisatenthe m'dzala. Mphakati uliwonse ukambirane nkhaniyi ndi amfumu a m'mudzi mwawo. Ndipo mnzathu akatulutsa machesi pa tchire, timuletse pamaso, osati kukamunena kumbali.

Mpweya umene tikupuma anatiuzira ndi Mlengi. Tisaubweze kwa ana ake uli wakuda. Fransisko Woyera, mutipempherere ife.