Wopulumuka pangozi sindiye kuti wachira

Amayi ndi atate a pa Chisokone ku Kitwe, a pa Masala ndi Kapalala ku Ndola, tikambirane.

Ngozi ikachitika pamsewu, wailesi imakamba kwambiri za akufa. Pa 7 February 2013, basi ya Post yochoka ku Ndola kupita ku Lusaka itagundana ndi thiraki ku Chibombo, dziko lonse linalira anthu oposa 50. Nanga aja amatuluka amoyo m'ngozi za tsiku ndi tsiku? Ena mwa iwo ndi inu amene mumadzuka m'mamawa kukaoda, n'kubwera mutakhala pamwamba pa mabokosi a tomato kumbuyo kwa Canter, kopanda lamba, kopanda pogwira.

Bala lotuluka magazi aliyense amaliona. Loopsa ndi lija lobisika. Munthu wogunda mutu akhoza kuima, kukamba bwinobwino, kutola katundu wake, pamene magazi akukha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza. Akayamba kusanza, kuodzera, kusokoneza mawu, kapena mutu kuwawa moonjezereka, musadikire kuche. M'mimba namonso: chiwindi kapena kapamba zikang'ambika, kunja sikuoneka kanthu, koma munthu amachita chizungulire, thukuta lozizira, mimba kulimba. Nthiti yothyoka ikhoza kuboola phapo. Kuwawa kwa khosi nthawi zina kumayamba mawa lake.

Tikaona ngozi timathamanga kukathandiza, ndipo ndi mtima wabwino. Koma munthu wodandaula khosi kapena msana, kapena amene sakumva miyendo, musamukoke manja n'kumupinda m'taxi, pokhapokha ngati pali moto. Kunyamula kolakwika kungamupuwalitse moyo wake wonse. Gwirani mutu wake usagwedezeke. Pamene pakutuluka magazi panikizani ndi chitenje choyera. Musamupatse madzi olo chakudya, chifukwa mwina afunika opaleshoni. Itanani apolisi pa 991.

Manje tikambe za ndalama. Tidziwa chifukwa chake ambiri simupita kuchipatala: tebulo likatsekedwa tsiku limodzi, ana agona ndi njala. Ndiye dalaivala akati "tengani aka, tisafike kupolisi," mumalandira. Musatero. Fupa la ntchafu likathyoka limatenga miyezi itatu kapena kuposa. Tomato sadikira, chilimba sichidikira, wa kaloba ndiye sadikira n'komwe. Kandalama kaja kadzatha sabata isanathe. Lembani nambala ya motoka, tengani fomu ya apolisi yopita nayo kwa dokotala, pitani ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Ndola Teaching Hospital tsiku lomwelo. Mwana wovulala ku Ndola, chipatala chake ndi Arthur Davison. Lamulo limakakamiza motoka iliyonse kukhala ndi inshuwalansi ya third party, koma popanda mapepala a polisi ndi a chipatala, simudzakhala ndi poyambira.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Minibasi iliyonse yodutsa pa toll gate ya Michael Chilufya Sata, pakati pa Ndola ndi Kitwe, imalipira, ndipo ndalamayo imachokera m'thumba mwanu pa mtengo wa ulendo. Msewu wotolera ndalama usana ndi usiku uyenera kukhala ndi ambulansi yodikira pomwepo usana ndi usiku. Makhonsolo a Kitwe ndi Ndola aike magetsi, mahampu ndi powolokera pafupi ndi misika. A RTSA ayang'ane matayala ndi mabuleki a motoka zonyamula amalonda m'mamawa, nthawi imene inu muli pamsewu.

Khansala ndi MP wanu akabwera mumsika kudzagwira chanza, muwafunse za ambulansi ija. Mawa pokwera minibasi, ngati pampando pali lamba, mangani. Tumizani uthengawu ku gulu la WhatsApp la mumsika mwanu.