Makina Ochapira Adzaza M'masitolo, Nanga Akuwayesa Ndani?

Banja limasonkha ndalama chaka chathunthu, ena ku banki m'khonde, ena podzimana pa malipiro a mwezi, n'cholinga choti mayi wa pakhomopo apumeko ku ntchito yotikita mabulangete m'beseni Loweruka lililonse. Tsiku likakwana amapita ku Limbe kapena ku Old Town mu Lilongwe, n'kulowa m'sitolo momwe makina ochapira ndi oumitsira zovala andanda, ena atsopano, ena oti anagwirapo kale ntchito kunja. Bambo amafunsa kuti makinawa amadya mayunitsi angati. Mayi amafunsa kuti amatha madzi ochuluka bwanji. Onse awiri amafunsa kuti akawonongeka adzapita nawo kwa yani. Mafunso atatu onsewa amalandira yankho limodzi: "Awa ndi olimba, bwana, ndi a ku UK."

Akulu amati safunsa anadya phula. Nanga amene wafunsa koma osayankhidwa, adya chiyani? Inu a Malawi Bureau of Standards (MBS), yankho la wogulitsa uja likukukwanirani? Inu a Competition and Fair Trading Commission (CFTC), mumalimva? Inu a MRA, amene mumatsegula makontena pa Songwe, pa Mwanza ndi pa Dedza, mumayang'ana chiyani pa makina amenewa kupatula mtengo wake?

Mawu akuti "a ku UK" atikumbutsa nkhani imene aliyense woyang'anira katundu wolowa m'dziko muno amayenera kuidziwa pamtima. Mu 2014 kampani ya ku America ya Whirlpool inagula kampani ya Indesit. Mu November 2015 inalengeza kuti makina oumitsira zovala a mayina a Hotpoint, Indesit ndi Creda, opangidwa pakati pa April 2004 ndi September 2015, anali ndi vuto. Timaulusi tothothoka ku zovala tinkaunjikana n'kukhudza waya wotenthetsa, moto n'kubuka. Makina oterewa anali atagulitsidwa oposa 5 miliyoni ku Britain, ndipo kampaniyo inavomereza kuti anakhudzidwa ndi ngozi za moto zosachepera 750. Poyamba eni makina anauzidwa kuti apitirize kuwagwiritsa ntchito podikira mmisiri, bola asawasiye okha akuzungulira. Mu August 2016 moto unabuka m'nyumba yosanja ya nsanjika 18 ku Shepherd's Bush mu London, ndipo panafunika ozimitsa moto 120. Gwero lake linali makina a Indesit amene mwini wake ankadikira kuti adzakonzedwe. Malangizo akuti anthu azule pulagi anabwera mu February 2017. Kuitanitsa makinawo kuti abwezedwe kunachitika mu July 2019, boma litakakamiza, ndipo pa nthawiyo makina osakonzedwa amene anali akadali m'nyumba za anthu ankayerekezedwa kuti akhoza kufika 800,000. Chaka chomwecho chisanathe, mu December, kampani yomweyo inaitanitsanso makina ochapira oposa 500,000 a Hotpoint ndi Indesit chifukwa loko wa chitseko chake ankatentha mpaka kuyaka.

Izi zinachitika m'dziko limene lili ndi ozimitsa moto ofika m'mphindi zochepa, nyumba ya malamulo imene inaitana akuluakulu a kampani kudzayankha mafunso, ndi manyuzipepala amene sanaisiye nkhaniyo. Komabe panapita zaka pafupifupi zinayi makina oumitsira aja asanaitanitsidwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pulagi ya mano atatu ya ku Britain ndi yomweyo imene ili pa khoma la nyumba za ku Malawi, ndipo mphamvu ya magetsi ndi yofanana. Makina otsika m'kontena lero akhoza kuyamba kuzungulira madzulo ano ku Chilomoni kapena ku Area 25 popanda kusintha kanthu. N'chifukwa chake katundu wakale wa ku Britain amayenda malonda kuno. Ndiye tiuzeni: makina mazana a zikwi amene sanabwezedwe aja anapita kuti? Onse anaphwanyidwa? Mungalumbire kuti palibe ngakhale amodzi amene anakwera sitima ya pamadzi n'kudzatsikira pa Dar es Salaam kapena pa Beira? Manambala a makina okhudzidwa analengezedwa poyera, ndipo makina amene anakonzedwa ankamatidwa kadontho kobiriwira. Kodi wa pa chipata wanu ali nawo mndandanda umenewu? Kadonthoko amakadziwa? Munayamba mwatulutsapo chenjezo limodzi pa wailesi, m'Chichewa, lotchula mayina a makina amenewa?

Sitikunena kuti makina oopsawo ali muno. Tikunena kuti amene ayenera kudziwa ngati alimo kapena mulibe ndi inu, ndipo simunatiuze kanthu.

Tikudziwa chodzikhululukira chimene chili pa milomo panu. Mudzati makina ochapira ndi nkhani ya anthu a ndalama, pakuti kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse n'zimene zimaunikira magetsi. Chiwerengerocho n'choona ndipo n'chochititsa manyazi, koma sichikumasulani. Amene amayatsa makina m'nyumba ya bwana nthawi zambiri si bwanayo. Ndi mtsikana wantchito, ali ndi mwana wa abwana kumsana, eni nyumba ali ku ofesi. Anaphunzitsidwa kuchotsa timaulusi mu sefa nthawi iliyonse akamaliza kuumitsa? Buku la malangizo, ngati linabwera n'komwe, lili m'chilankhulo chanji? Makina omwewa ali m'malo ogona alendo, m'sukulu zogonera komweko, ndi m'timabizinesi tochapa zovala timene achinyamata atsegula m'matauni, khoma limodzi ndi nyumba zogona anthu. Moto ukabuka kumeneko, galimoto ya khonsolo idzafika nthawi yanji, ndipo idzafika ndi madzi?

Tisiye akalewo, tione atsopano. Ku Britain ndi ku mayiko a mu European Union, makina ochapira sagulitsidwa opanda chikwangwani chosonyeza magetsi ndi madzi amene amagwiritsa ntchito, ndipo kuyambira mu March 2021 amapatsidwa chilembo kuyambira A mpaka G. Ku South Africa, kumene katundu wambiri wa m'masitolo mwathu amachokera, chikwangwani cha magetsi n'chokakamiza. Kuno bwanji? Chifukwa chiyani wogula wa ku Johannesburg ayenera kudziwa zimene akugula pamene wa ku Zomba azingokhulupirira pakamwa pa wogulitsa? Kusiyana kwake si kochepa. Makina a chitseko cha kutsogolo amakono amatha malita pakati pa 40 ndi 60 pa kuchapa kumodzi, pomwe ambiri otsegula pamwamba amapyola malita 100. Makina akamatenthetsa okha madzi amakoka mawati pafupifupi 2,000, ndipo gawo lalikulu la magetsi a kuchapa limathera pa kutenthetsako, osati pa kuzunguza zovala. Munthu wodziwa zimenezi amachapa ndi madzi ozizira n'kusunga mayunitsi ake. Ndani anamuuza?

Pa makina oumitsira m'pamene zochita zanu zimatsutsana poyera. ESCOM inayenda m'makomo kugawa mababu a LED, kutipempha kuti tisamale magetsi chifukwa ndi osakwanira. Babu limodzi lotero limakoka mawati 10 kapena kucheperapo. Makina oumitsira a mtundu wakale, otulutsa mpweya wotentha pa paipi, amakoka mawati oposa 2,000, ndiye kuti mababu 200 oyaka nthawi imodzi, ndipo katundu mmodzi wodzaza akhoza kudya mayunitsi anayi. Alipo a mtundu watsopano amene amadya pafupifupi theka la pamenepo. Inu a MERA ndi a unduna woona za mphamvu za magetsi, mukutiphunzitsa kuzimitsa babu m'chipinda chopanda munthu uku mukulola makina olusa chonchi kulowa opanda chizindikiro chilichonse? Mphepo yamkuntho ya Ana itawononga damu la magetsi la Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo tinakhala mu mdima kwa miyezi yambirimbiri. Phunziro lake linathera pa kukonza damu basi?

Sitikunyoza amene amafuna makina oumitsira. Dzuwa lathu ndi laulere ndipo miyezi yambiri chingwe cha pabwalo chimakwanira, ndipo wogulitsa wachilungamo akanayamba wanena zimenezo. Koma mayi wa mwana wakhanda ku Thyolo kapena ku Mulanje, chiperoni chikagwa masiku anayi otsatizana mu June matewera ali chinyowere, ali ndi chifukwa chomveka. Wa ku Mzuzu nthawi ya mvula chimodzimodzi. Amene anafinyapo mphutsi pa msana pa mwana, chifukwa ntchentche inaikira mazira pa chovala choyanikidwa chimene sichinasitidwe, sitingamuuze kuti akufuna za manyado. Anthu amenewa ndi amene akufunika chitetezo chanu kwambiri, popeza makina awo azizungulira usiku, mvula ikugwa, ana ali m'tulo.

Palinso nkhani ya madzi, imene wogulitsa amaidumpha dala. Makina odzichapira okha amafuna madzi obwera ndi mphamvu m'paipi kuti adzaze pa nthawi yake. Thanki yokwezedwa mamita awiri kapena atatu kawirikawiri siyikwanitsa. M'madera ambiri a Blantyre, kumene madzi amachita kupopedwa kukwera phiri kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, mpopi umatha kuuma usana wonse n'kudzadontha pakati pa usiku. Pakhomo potero makina a zigawo ziwiri, amene anthu amawatchula kuti twin tub, ndi amene amathandiza: umathiramo madzi ndi ndowa, magetsi akathima umatulutsa zovala n'kumalizira pamanja, ndipo mmisiri wa pa msika amatha kuwakonza. A chitseko cha kutsogolo magetsi akathima amakhoma chitseko, yunifolomu ya mwana n'kugona m'madzi mpaka mawa. Koma odzichapira okhawo ndi okwera mtengo, ndiye wogulitsa amakokera wogula kumeneko. Kugulitsa munthu chinthu ukudziwa kuti kwawo sichikagwira ntchito, lamulo lanu limakutcha chiyani?

Kenako magetsi amathima, n'kubwera ndi mphamvu yopyola muyezo, kabolodi koyendetsa makina n'kupsa. Wogula amabwerera ku sitolo ndi lisiti lake. Mwini sitolo amamuonetsa timalemba ting'onoting'ono takuti waranti siyikhudza zowonongeka ndi magetsi, n'kumulozera ku ESCOM. Ena amangoloza chikwangwani cha pa khoma chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Inu a CFTC mwanenapo kangapo kuti zikwangwani zoterezi n'zosemphana ndi lamulo. Nanga bwanji zikadali pa makoma? Lamulo loteteza ogula lilipo kuyambira 2003. Lamulo latsopano la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024 linakupatsani mphamvu yolipiritsa chindapusa. Mano muli nawo tsopano. Mwaluma angati mwa ogulitsa zipangizo za magetsi za m'nyumba? Mayina awo ali pati kuti wogula awapewe? Waranti imene imakana ngozi yodziwika kwambiri m'dziko lino ikuteteza yani? Ngati aliyense akudziwa kuti magetsi athu amalumpha, n'chiyani chikukuletsani kulamula kuti makina aliwonse azigulitsidwa pamodzi ndi kachipangizo kotchinga magetsi olumphawo, monga anthu amachitira kale ndi mafiriji?

Tinene kuti wogulayo wavomera kulipira yekha. Sipeya ili kuti? Kuyambira mu July 2021, lamulo la ku Britain limakakamiza opanga makina ochapira kuti masipeya ake azipezeka mpaka zaka 10. Kuno munthu akhoza kuitanitsa kontena la makina a dzina limene palibe analimvapo, kuwagulitsa onse, chaka chamawa n'kuyamba kugulitsa matayala. Pampu ikafa, kapena labala ya pa chitseko ikang'ambika, mmisiri amakuuza kuti aitanitsa ku South Africa, ndalama zakunja zikapezeka. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wa kachitsulo kalikonse kochokera kunja unakwera nawo. Yendani kuseri kwa nyumba za m'matauni muone makina angati asanduka tebulo loikapo mabeseni, ndipo mayi uja wabwerera pa mwala wochapira ngongole ya ku banki m'khonde asanamalize kubweza. Dziko limene likulira kusowa kwa ndalama zakunja lingalole bwanji kuti madola azipita kukagula makina ofa pa zaka ziwiri? Mumapereka bwanji chilolezo kwa woitanitsa katundu amene alibe mmisiri ngakhale mmodzi, alibe shelefu ya masipeya, alibe nambala ya foni imene imayankhidwa katundu akatuluka pa khomo?

Musatiuze kuti mulibe ndalama zomangira malo oyesera makina. Zimene tikupempha pano sizifuna nyumba yatsopano. Mndandanda wa katundu woitanitsidwa kuti abwezedwe uli pa intaneti, waulere, pa tsamba la boma la Britain. Nambala ya makina imalembedwa pa chitseko kapena kumbuyo kwake. Kufananiza ziwirizi kumatenga mphindi zochepa. Kulamula kuti chikwangwani cha magetsi ndi madzi chisamatulidwe pa makina atsopano kumafuna siginecha. Kusindikiza tsamba limodzi la malangizo m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, lonena kuti sefa izitsukidwa ndiponso kuti makina oumitsira asamasiyidwe akuzungulira anthu ali m'tulo, wolipira ndi woitanitsa katundu, osati inu. MBS yakhalapo kuyambira 1972. Zaka zonsezi sizinakwane kuti ifike pa shelefu imeneyi?

Sabata ino kontena lina litsegulidwa pa chipata china cha dziko lino, ndipo pakati pa masofa ndi njinga mudzakhala makina oyera olembedwa dzina lodziwika. Wantchito wanu amene adzaime pakhomo pa kontenalo adzakhala ndi mndandanda wa manambala aja m'manja, kapena buku la msonkho lokha?